KODI KALONGA ANKAGONA M'CHISAKASA?

Nkhani imene ndikuitula pabwalo lino idayambira kwathu ku Kawale, m'kanyumba kometera tsitsi kufupi ndi bwalo la Masintha, pa 6 May, 2023, tsiku limene Angerezi ankalonga ufumu Charles wachitatu. Tidathinana m'kanyumbamo ngati matemba m'dengu, ena pa benchi, ena chiriri pakhomo, tonse maso ali dwii pa wailesi yakanema. Wometa yemwe adazimitsa makina ake, mutu wa mnyamata wina ataumeta mbali imodzi yokha. Pamene ngolo yagolide ija inkalowa pa chipata cha nyumba yachifumu ya Buckingham, mnzanga wina wa ku Biwi, amene tiri naye pa sukulu pano ndipo sajomba ku misonkhano yathu ya alembi, adapukusa mutu nanena mokweza kuti, "Mafumu ndi awa, amwene. Athu aja ankagona m'zisakasa, mbuzi ziri kumiyendo." Nyumba yonse idafa ndi phwete. Inenso ndidaseka nao, ndipo kuseka kwangako ndiko kwandigwiritsa cholembera lero.

Munthu mmodzi yekha sadaseke. Ameneyu ndi amalume anga, mlongo wao wa amai, mmisiri womanga nyumba amene adayamba kugwira chipande ndi levulo mu Lilongwe ine ndisanabadwe. Iwo adangovala chipewa chao natuluka. Madzulo, tikudya nsima pakhonde, adandifunsa mosakweza mau: "Mphwanga, kodi kusukulu kwanuko adakuphunzitsani kuti nyumba ndi mwala?" Ndidangoti kukamwa yasa. Iwo adapitiriza: "Masana aja umaseka agogo ako. Kwathu ku Mtakataka, kumene amai akowa adabadwira, ndi kumene kudali likulu la Kalonga. Iwe wapita ku Zomba kukawerenga za Aroma ndi Agiriki, koma pakhomo pa eni dzina la dziko lino sudapondepo."

Dzina la mnzanga uja sinditchula, chifukwa mlandu si wake yekha. Nthenda imeneyi tiri nayo ambiri a ife amene tidapita kusukulu. Timayesa ukulu wa anthu ndi kutalika kwa makoma ao, ndipo tikapeza kuti makolo athu sadasiye makoma, timazyolika ngati ana amasiye. Ine ndikuti muyeso umenewu ndi wabodza, ndi wobwereka, ndiponso ukutipweteka mpaka lero m'nyumba zimene tikugonamo. Kalonga adali nayo nyumba yachifumu. Idamangidwa mwaluso, ndipo m'menemo munkaweruzidwa nkhani za ufumu umene udafika kutali, kupyola malire a Malawi wa lero. Ngati ife sitikuiona, ndi chifukwa choti tikuifunafuna ndi maso a eni ake a Buckingham.

Tiyambe ndi zimene zikudziwika. Kumunsi kwa mapiri a Dedza, m'chigwa choyang'ana kunyanja, kufupi ndi Mtakataka, kuli malo otchedwa Mankhamba, m'mbali mwa mtsinje wa Nadzipulu. Mbiri ya pakamwa, monga imene Samuel Josia Ntara adasonkhanitsa m'buku lake la Mbiri ya Achewa m'zaka za m'ma 1940, imati a Phiri, motsogozedwa ndi Kalonga, adachokera kumpoto, ku dziko la Aluba, nadzakhazikika m'dera limeneli. Ena pofotokoza likulu la Kalonga amatchulanso Manthimba, kufupi komweko. A Phiriwo adapeza a Banda ali kale m'dzikomo, eni akachisi ndi nsembe za mvula, ndipo mitundu iwiriyi idalukana mwanzeru. Kalonga ankabadwa mwa Nyangu, mai wa a Phiri, koma mkazi wake wamkulu, Mwali, ankachokera kwa a Banda. Padali Khombe, mkulu wa nkhondo. Padali Mgawi, wogawa malo. Padalinso Mkomba, wopereka chilango cha imfa. Kuchokera ku likulu limeneli, Undi adapita kumadzulo nakakhazika ufumu wake ku Mano, Kaphwiti ndi Lundu natsikira ku chigwa cha Shire. Kodi boma la maudindo otere lingayendere m'chisakasa?

Apwitikizi amene adali ku Sena ndi ku Tete adaudziwa bwino ufumu umenewu, pakuti ankachita nao malonda, nthawi zina ankagwirizana nao pa nkhondo, nthawi zinanso ankauopa. Mu 1667 wansembe wao wina, Manuel Barreto, adalemba za ufumu wa Amaravi umene mphamvu zake zidachokera kumpoto kwa Zambezi kukafika mpaka cha kugombe la nyanja yamchere. Mnzanga wa ku Biwi aisunge bwino nambala imeneyo. Nyumba imene idadzasanduka Buckingham idamangidwa mu 1703, ndipo woyamba kuiyesa likulu lake lenileni adali Mfumukazi Victoria mu 1837. Pamene mlendo ankalemba za mphamvu za Kalonga, njerwa yoyamba ya nyumba imene tidaiombera m'manja ku Kawale ija idali isanaumbidwe.

Wina anganene kuti mbiri ya pakamwa imakometsa, ndipo Apwitikizi ankalemba zongomva. Chabwino. Tsono tifunse nthaka. Katswiri wathu wofukula zakale, Yusuf Juwayeyi, adakumba pa Mankhamba, ndipo mu 2020 adatulutsa buku lofotokoza zimene adapeza. M'madzala a anthu akalewo mudatuluka mapale ambirimbiri a miphika, zitsulo zosula, zinthu zamkuwa pamene mkuwawo sukumbidwa m'deralo, minyanga ya njovu yosemedwa makoza, mikanda yagalasi yochokera kutsidya kwa nyanja, ndiponso zidutswa za mbale zoumbidwa ku China. Taganizani bwino, anzanga. Mbale kuchoka ku China, kuoloka nyanja yamchere, kukwera mtunda wonse uja kuchokera kugombe, mpaka kudzaswekera m'mbali mwa Nadzipulu! Munthu akhoza kunama pabwalo, koma dzala lake limaulula chimene ankadya. Dzala la pa Mankhamba likuti apa padali chuma, padali amisiri, padali malonda ofika kumalekezero a dziko.

Apa ndi pamene mnzanga amandidikira ndi funso lake: "Nanga makoma ali kuti?" Makoma palibe, ndipo sindinamiza munthu. Wopita ku Mankhamba sakapezako nsanja kapena chipilala chamwala. Koma funso limenelo likuonetsa kuti wofunsayo sadziwa chimene makolo athu ankatcha kumanga. Ndidapempha amalume kuti andifotokozere m'mene agogo ao ankamangira nyumba ya munthu wolemekezeka, ndipo ndidachita manyazi pozindikira kuti ine, amene ndingathe kutchula mitundu itatu ya mizati ya Agiriki, sindinkadziwa kusiyanitsa nsichi ndi phaso.

Mmisiri ankayamba ndi kukhoma chikhomo pakati, namangirira luzi, nazungulira nalo kulemba mzere pansi. Pa mzere umenewo ankazika nsichi, ndipo sankangodula mtengo uliwonse ai: ankasankha muwanga kapena tsanya, mitengo imene chiswe chimaigonjera. Nsichizo ankazilumikiza ndi nsungwi zopingasa, zomangidwa ndi luzi la mombo, popanda msomali ndi umodzi womwe. Kenaka ankamata dothi loponda bwino, m'kati ndi kunja, ndipo amai ankazira pansi ndi kutsutsuta ndi mwala mpaka kuti see. Denga ankalilukira pansi, mapaso onse atakumana pa nsonga imodzi, ndipo likatha ankaitana amuna a m'mudzi kudzalikweza. Mwambi uja woti mutu umodzi susenza denga sudachokere m'buku, udachokera pa ntchito imeneyi. Pofolera ankayambira kumunsi kukwera kumwamba, udzu wina kuphimba unzake, kuti dontho la mvula litsetsereke osalowa. Denga linkatsika kupitirira khoma, nkukhala pa mizati yozungulira nyumba yonse. Limenelo ndilo khonde, ndipo ntchito yake yaikulu idali kuteteza khoma ladothi ku mvula ndi ku dzuwa. Utsi wa pamoto unkalimbitsa mapaso ndi kupirikitsa tizilombo tofumbula mitengo. M'mwezi wa October nyumba yotere imazizira bwino, m'mwezi wa June imafunda. Ngati zimenezi si luso la zomangamanga, mundiuze dzina lake.

Koma nyumba yachifumu siidali nyumba imodzi. Apa ndi pamene Chingerezi chimatisokoneza, chifukwa tikamva mau ao timaganiza za chinyumba chimodzi chachikulu cha zipinda mazanamazana. Kwathu kuno nyumba ya mfumu idali mzinda wonse, ndipo mau akuti mzinda, amene lero timatchulira Lilongwe ndi Blantyre, poyamba ankatanthauza mudzi wa mfumu yokhala ndi mphamvu yovinitsa chinamwali ndi gule. Aliyense amene adakulira m'mudzi wotere akudziwa kuti chinthu chirichonse chiri ndi malo ake. Pali bwalo, patsinde pa mtengo waukulu, poweruzira milandu ndi polandirira alendo. Pali kuka, kumene amai aakulu amasungira mwambo. Pali mphala ya anyamata. Pali nkhokwe. Pali kachisi wa mizimu, ndipo chapatali pali msitu wa manda ndi dambwe, kumene wosavinidwa safikako. Zimene Angerezi adaziunjika pansi pa denga limodzi, khoti, tchalitchi, mosungira chuma, chipinda cha alendo, makolo athu adaziyala pansi pa thambo, nazilumikiza ndi tinjira. Tsono kulitsani chithunzi chimenechi kufikira pa msinkhu wa Kalonga, kumene mafumu ang'onoang'ono ankabwera ndi mitulo ya minyanga, zikopa za mikango ndi akambuku, makasu ndi chakudya, kumene kunkakhala osula, osema ndi alendo amalonda. Pamenepo mwayamba kuiona nyumba imene mnzanga akuti kudalibe.

Pakati pa zonsezi padali moto. Mbiri imati moto wa Kalonga unkayaka osazima masiku onse a ufumu wake. Akamwalira ankauzimitsa, ndipo wolowa m'malo ankayatsa watsopano. Chaka ndi chaka akuluakulu a banja lachifumu ankasonkhana ku likulu pa mwambo wa Mlira, umene unkatha ndi kutentha tchire la Marimba m'mbali mwa nyanja. Pamene dziko lino linkalandira ufulu mu 1964, lidatenga dzina la anthu amenewa, dzina lonena za malawi a moto. Anthu amene chizindikiro cha ufumu wao chidali moto, chinthu chofuna kusonkhezera tsiku ndi tsiku, sakadaika chikhulupiriro chao mu mwala. Kwa iwo chokhalitsa chidali udindo, mwambo ndi luso. Nyumba idali chovala chimene chikang'ambika umasoka china. Mwa mwambo wa Achewa, nyumba ya munthu womwalira inkagwetsedwa. Mudzi ukachuluka maliro kapena nthaka ikaguga, anthu ankasamuka. Onjezerani chiswe, mvula ya zaka mazana, ndiponso nkhondo ndi malonda a akapolo a m'zaka za m'ma 1800, zimene zidapha Kalonga Sosola m'zaka za m'ma 1860 ndi kubalalitsa anthu ake. Chodabwitsa nchiyani kuti makoma palibe?

Ndanena kuti muyeso wa mwala ndi wobwereka, ndipo umboni wake uli kwa anansi athu ku Zimbabwe. Kumeneko makoma amiyala alipo, ataliatali, oyalidwa popanda matope omatira. Kodi atsamunda atawaona adavula zipewa? Ai ndithu. Mu 1891 Theodore Bent adanena kuti omanga ake adali alendo ochokera kutali, osati anthu akuda. David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 adafukula natsimikiza kuti ndi ntchito ya Aafirika, komabe boma la Rhodesia lidapitiriza kuphimba choonadi chimenechi, kotero kuti katswiri wina, Peter Garlake, adachoka m'dzikomo mu 1970. Mwauona msampha wake? Pamene pali mwala, akuti si inu mudamanga. Pamene palibe mwala, akuti simudamange kanthu. Mlandu wotere sungaupambane, chifukwa woweruza adagamula kale usanalowe m'bwalo. Ndipo chimene ambiri sadziwa ndi ichi: makoma a ku Zimbabwe aja adalibe madenga. Adali mipanda. Mafumu eni ake ankagona m'kati mwa mipandayo, m'nyumba zozungulira zadothi zofolera ndi udzu, zofanana ndi zimene mnzanga akuzitcha zisakasa.

Mitundu ina siichita manyazi ndi udzu. Ku Kasubi, mu mzinda wa Kampala ku Uganda, Kabaka Mutesa woyamba adamanga nyumba yake yachifumu mu 1882 ndi mitengo, bango ndi udzu, ndipo atamwalira mu 1884 idasanduka manda a mafumu. Mu 2001 bungwe la UNESCO lidaiwerengera pakati pa chuma cha dziko lonse lapansi. Idapsa ndi moto mu March 2010. Kodi Abaganda adati mwayi wapezeka woti timange yasimenti? Adafunafuna akuluakulu odziwa kufolera, naphunzitsa anyamata, naimanganso ndi udzu. Ku Japan, dziko limene limatigulitsa magalimoto, kachisi wamkulu wa ku Ise ndi wamatabwa ndi udzu, ndipo amamumanganso mwatsopano zaka 20 zirizonse. Adachita zimenezi komaliza mu 2013. Iwo adazindikira kuti njira yosungira nyumba yotere ndi kusunga manja odziwa kuimanga. Ife manja amenewo tikuwaika m'manda mmodzimmodzi, osawafunsa kanthu, uku tikuseka m'nyumba zometera tsitsi.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti ku Mankhamba kudali paradizo. Kumene kuli Mkomba kuli anthu ophedwa, ndipo si onse adali olakwa. Minyanga ija idali ya njovu zophedwa zambirimbiri, ndipo njira zimene zinkabweretsa mikanda ndi nsalu ndi zomwezo zimene pambuyo pake zidatenga anthu kupita nao kugombe. Mitulo ya mfumu inkachokera m'thukuta la alimi, monga momwe golide wa pa ngolo ya Charles sadagwe kumwamba. Sindikunenanso kuti tisasule malata ku Kawale tifolere udzu. Amai anga adagulitsa mandasi zaka zambiri kuti agule malata, ndipo tsiku limene adawakhoma adalira ndi chimwemwe, chifukwa adatopa ndi kutchera mabeseni usiku wa mvula. Kumene nyumba zathinana ngati kwathu, udzu ndi ngozi ya moto, ndiponso udzu wabwino wofolera ukusowa. Zonsezi ndikuzivomera. Chimene ndikukana ndi chakuti titaye nzeru pamodzi ndi udzuwo.

Pakuti taonani zimene manyazi athu abala. Yendani mu Kawale, mu Chinsapo, mu Mgona kapena mu Area 23, muone nyumba zimene anthu wamba tikumanga. Makoma a zidina, malata ongofika pamphepete pa khoma, khonde lozungulira palibe chifukwa akuti ndi lachimudzi. Mvula yamkuntho ikabwera imamenya khoma mwachindunji, madzi a pa malata amagwera patsinde penipeni, ndipo chaka chirichonse m'miyezi ya January ndi February timamva za makoma ogwera anthu ali m'tulo. M'chilimwe, malata ali pafupi ndi mutu, mazenera ang'onoang'ono, mwana wasukulu sangawerenge masana m'nyumba yotentha ngati uvuni. Amalume amati akauza mwini nyumba kuti awonjezere malata pang'ono kuti denga lipitirire khoma, ambiri amakana, koma ndalama yomweyo amakagulira penti wopaka kumaso kwa nyumba. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Amene ali ndi ndalama amathamangira njerwa zootcha, ndipo nkhuni zootchera njerwazo, pamodzi ndi makala, zadya nkhalango mpaka ku Dzalanyama, kumene kumachokera madzi amene timamwa mu Lilongwe, kumenenso kuli Kaphirintiwa, malo opatulika a makolo omwewo.

Kumayadi nakonso nthenda ndi yomweyi, kungoti yavala suti. Amalume ali ndi chikombole choumbira mizati yasimenti ya maluwamaluwa kumutu, yonga ya Agiriki, chifukwa mabwana a ku Area 43 ndi Area 47 amaifuna. Amati mizati yambiri yotereyi siisenza kanthu. Denga lakhala kale pa makoma, mzati wangoima kuti odutsa aone. Mzati wa pakhonde la agogo ukauchotsa denga limagwa. Tsono pakati pa awiriwa, mmisiri weniweni ndi uti? Ngakhale boma lathu silidapulumuke. Likulu litasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe mu 1975, Dr Banda adamanga ku Area 44 chinyumba cha zipinda pafupifupi 300. Atachoka pampando mu 1994, amene adalowa m'malo mwake sadakhalemo, ndipo chidasanduka Nyumba ya Malamulo mpaka mu 2004, pamene Bingu wa Mutharika adasamutsa aphungu nalowamo. Nyumba imeneyo, imene timaitcha Kamuzu Palace, ndi yankho la simenti ku funso la mnzanga lija lakuti makoma ali kuti. Ine ndikuti funsolo silinkayenera kuyankhidwa, linkayenera kukanidwa.

Chifukwa chake ndikuopanso anthu ena amene amaoneka ngati ali mbali yanga. Alipo amene akamva za Mankhamba amalumpha ndi kunena kuti, "Tiyeni tikamangeko nyumba yachifumu yaikulu, yosanjikiza, ya magalasi, kuti alendo aone kuti nafenso tidali ndi mafumu." Amenewa ndi mnzanga wa ku Biwi ndi amodzi, angosiyana malaya. Onse akuvomereza kuti Kalonga weniweni ndi wochititsa manyazi, ndipo ayenera kubisidwa kuseri kwa simenti. Kuthira maziko akonkire pamwamba pa Mankhamba kungakhale kupha Kalonga kachiwiri, chifukwa umboni umene watsala uli m'nthaka momwemo: maenje a nsichi, mapale, mafupa, makala a moto wakale. Fosholo ya kontirakitala ingaononge pa tsiku limodzi zimene chiswe chidalephera kumaliza pa zaka 400.

Ndikudziwa kuti wina pa msonkhano wathu adzaimirira nkunena kuti nkhani imeneyi ndi yokweza mtundu umodzi. Ndimuyankhiretu. Amang'anja a kwa Lundu, Anyanja a m'mbali mwa nyanja, Achewa a ku Zambia ndi ku Mozambique amene chaka ndi chaka m'mwezi wa August amasonkhana ku Mkaika, ku Katete, pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, onsewa mizu yao imakhudza Mankhamba. Dzina la pa chiphaso cha Mtumbuka, Mlomwe, Myao ndi Msena ndi lomwelo la Malawi. Koposa apo, mlandu umene ndikuimba pano ukukhudzanso phiri la Mbande ku Karonga, kumene kudali likulu la Kyungu wa Angonde, ukukhudza Nkhamanga ya Chikulamayembe, ukukhudza Lizulu la Gomani. Konseko mafumu ankamanga ndi mitengo, dothi, bango ndi udzu, ndipo konseko adzukulu ao ophunzira amaseka chimodzimodzi. Manyazi amenewa alibe mtundu.

Nanga tichite chiyani, ife amene tiribe ndalama kapena mpando? Choyamba, tipiteko. Kuchokera ku Lilongwe ndi ulendo wa maola ochepa, kudzera ku Salima kapena kutsika phiri la Golomoti, ndipo kufupi komweko, ku Mua, kuli malo a Kungoni amene Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976, osungirako za chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao. Ife timatha kusonkha ndalama za ulendo wokasamba kunyanja. Tingalephere bwanji kusonkha za ulendo wokaona kumene dzina lathu lidachokera? Chachiwiri, pa tchuthi chirichonse aliyense wa ife akhale pansi ndi nkhalamba imodzi yodziwa kumanga, alembe maina a mitengo, a udzu, a mfundo za luzi, ajambule m'mene mudzi wakale udayalidwira. Anzathu ophunzira zomangamanga ku Blantyre atithandize kuyeza ndi kujambula. Mu 2022 Francis Kéré wa ku Burkina Faso adalandira mphoto ya Pritzker, yaikulu kwambiri pa ntchito yojambula nyumba, ndipo adatchukira pa sukulu ya njerwa zadothi imene adamanga kumudzi kwao ku Gando, ya denga lotukuka lolowetsa mphepo. Iye sadachite manyazi ndi dothi la kwao. Chachitatu, tipemphe a nthambi yoona zakale kuti malo a Mankhamba atetezedwe ndi kufukulidwa mopitirira, ndipo ngati pangamangidwe kanthu, pamangidwe pambali, ndi manja a amisiri a komweko, ndi zipangizo zimene Kalonga akadazizindikira, ndi chikwangwani chonena poyera kuti ichi ndi chifanizo chabe.

Chotsiriza chikukhudza ife alembi. Ndawerenga ndakatulo zambiri m'magazini ino zotchula nsanja, malinga amiyala ndi mipando yagolide, zinthu zimene olembawo adaziona m'mabuku okha. Sindidaonepo ndi imodzi yomwe yonena za amuna makumi awiri akukweza denga, kapena za usiku umene moto wa mfumu udazimitsidwa dziko lonse liri chete kudikira watsopano. Kusekondale tidaloweza maina a Kalonga, Undi ndi Lundu, tidajambula mivi pa mapu kusonyeza kumene adadzera, tidakhoza mayeso, koma palibe adatiuza kuti anthu amenewa adali ndi makomo, ndi makonde, ndi fungo la utsi m'nyumba zao. Ntchito imeneyo yatsalira ife. Ngati sitiigwira, ana athu adzaloweza mivi yomweyo, nadzaseka chiseko chomwecho.

Pa tchuthi chapitachi ndidawapeza amalume akuumba mizati ija, maso atayamba kuchita chidima, manja akunjenjemera pogwira chikombole. Ndidawafunsa ngati angathebe kuluka denga lozungulira. Adaseka nati, "Ndingathe, mphwanga, koma ndani angandilembe ganyu yotero? Ndipo ndani angandithandize kulikweza?" Ndidawalonjeza kuti ndidzabwera ndi anzanga. Tsono ndikuitana inu nonse, ndipo woyamba kumuitana ndi mnzanga wa ku Biwi. Ngati akuonabe kuti Kalonga ankagona m'chisakasa, masamba a magazini ino ndi otsekula, andiyankhe m'kope lotsatira. Koma asanalembe, abwere ku Kawale adzagwire mbali imodzi ya denga, aone ngati chisakasa chimalemera chotero.